Botolo Mwabweretsa?

Zelipa atatsika minibasi ku Machinjiri madzulo a Lolemba lija, mapazi anali atatupa ndipo bulauzi ya Mvano inali itamata kumsana ndi thukuta. Tsiku lonse anali kumaliro ku Bangwe, kuimba ndi kutunga madzi, ndipo chimene ankafuna chinali kuvula nsapato basi. Koma mwini golosale sadutsa pakhomo pa golosale yake osasuzumira, choncho analowa. Sopo anali m'malo mwake, shuga m'malo mwake. Atayang'ana pakona pamene pamakhala zakumwa, kutopa konse kunachoka, kunabwera ukali. Kireti yapamwamba inalibe kanthu. Sikuti munali mabotolo omwedwa kale ayi, munali mabowo makumi awiri ali kukamwa yasa.

Kuseri kwa kauntala kunali achimwene ake, a Orton, atakhala pampando manja ali pamaondo monga anawasiyira m'mawa. Atawafunsa, anayankha modekha kuti zakumwa zayenda bwino lero chifukwa cha dzuwa, ndipo ndalama zonse zili m'chitini.

"Sindikufunsa ndalama, achimwene. Mabotolo ali kuti?"

"Apita nawo."

Aliyense wokulira mu Blantyre lamuloli amalidziwa asanadziwe kulemba dzina lake. Chakumwa cha m'botolo lagalasi umagula zam'kati zokha, botolo si lako. Ukafuna kukamwera kunyumba umabwera ndi botolo lina lopanda kanthu n'kusinthitsa, ndipo ngati ulibe umamwera pompo, wogulitsa akukuyang'ana pakhosi. Zelipa anawakaniza botolo ngakhale abusa a mpingo wake, ndipo abusawo anamwa Fanta wawo ataimirira pakauntala, kolala ili m'khosi. Lole yobweretsa zakumwa nayonso siimva zifukwa: upereke kireti yodzaza mabotolo opanda kanthu, iwo akupatse kireti ya zakumwa. Ndipo lole yomaliza Khirisimasi isanafike inali kubwera Lachitatu m'mawa.

Koma nkhani yeniyeni sinali kireti. Nkhani inali amuna ake, a Hawkins. A Orton anabwera kudzakhala pakhomopo matope a namondwe wa Freddy atakokolola nyumba yawo ku Chilobwe pamodzi ndi akazi awo, a Ida, amene sanapezeke mpaka lero. Anati akhala miyezi itatu, ndipo tsopano chinali chaka chachitatu. Munthu amene anali kalipentala wa manja abwino anangosanduka wokhala pakhonde. Anapsereza maketulo awiri. Tsiku lina anasiya mpopi wotsegula mpaka madzi anakafika kwa aneba. Luntha, mwana wa Zelipa wa Folomu 4, ankagona pabalaza chifukwa chipinda chake chinali cha amalume. A Hawkins sanali munthu wankhanza, ndipo apa ndi pamene panali povuta, chifukwa wankhanza umatha kukangana naye. Mwezi wathawo ananena mosakweza mawu kuti apirira mokwanira, ndipo alamu akadzalakwitsanso chinthu chimodzi adzawakweza basi ya ku Thyolo, kumudzi. Kumudziko kunatsala azakhali amodzi ogontha ndi nyumba yogulitsa kachasu pafupi pomwepo. Zelipa ankadziwa kuti achimwene ake akapita kumeneko, ulendo wake wotsatira wa ku Thyolo udzakhala wa kumaliro.

Ndi iye mwini amene anachonderera kuti a Orton ayesedwe m'golosale tsiku limodzi lokha, mwina manja akagwira kanthu mutu ungabwerere. A Hawkins, amene ndi dalaivala, anali ku Lilongwe ndipo ankabwera Lachiwiri madzulo. Ntchito yotulutsa makireti panja kudikira lole inali yawo, ndipo kireti yopepuka amaidziwa asanaiyang'ane n'komwe.

Chimene chinkamubaya kwambiri Zelipa chinali chakuti mwa anthu onse a mu Blantyre, a Orton ndiye sakanayenera kuiwala za botolo. Ali ana ku Ndirande, nthawi imene anali Orton chabe, iye ndiye anali mwini golosale ya masanje kuseri kwa bafa. Kauntala inali thabwa logoneka pa njerwa zinayi. Shuga anali mchenga wosefa, sikelo inali zitini ziwiri za polishi zolendewera pakamtengo, ndalama zinali zitsekerero za mabotolo zosalaza ndi mwala. Koma ulemu wa golosaleyo unali zakumwa. Orton ankapera njerwa n'kusungunula m'madzi, ameneyo Fanta. Makala anali Kokakola. Maluwa ofiirira othyola pampanda wa aneba anali Tcheri Pulamu, ndipo ameneyo anali wodula chifukwa kwa anebako kunali galu. Ankathira zonsezi m'timabotolo ta mankhwala totola kudzala, n'kutseka ndi zitsononkho, n'kutindanda m'beseni la madzi lomwe linali firiji.

Zelipa, tsiku lililonse, anali wogula. Ankafika atamanga kansalu m'chiuno, zitsekerero zili m'manja, ndipo Orton ankatupitsa masaya kutsanzira a Majidi a sitolo ya pafupi ndi msika, n'kufunsa ndi mawu a pansi: "Botolo mwabweretsa, mayi?" Akapanda kubweretsa ankabwezedwa, alire asalire. Akapempha kuti nayenso agulitseko ngakhale kamodzi, ankauzidwa kuti malamulo a bizinesi sawadziwa. Ndiye lero bwana wa malamulo uja anali atapereka mabotolo makumi awiri ngati akugawa timapepala ta msonkhano wa chitsitsimutso.

Lachiwiri m'mawa Zelipa anatseka golosale, sabata ya Khirisimasi, anthu akugogoda pazenera kufuna buledi. Anasenza kireti ija n'kuuza achimwene ake kuti avale nsapato. A Orton sanafunse dzina la munthu ngakhale mmodzi dzulo lake, koma nkhope ankazikumbukira, ndi kumene aliyense analowera. Ankayenda patsogolo pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati akuyendera munda wa eni.

Anayambira kwa mayi wina wa geti la buluu amene anatenga mabotolo anayi. Anatulutsa atatu. Lachinayi anali atathiramo kale mafuta ophikira, ndipo Zelipa anaima padzuwa mayiyo akufunafuna kapu yokhuthuliramo, uku akung'ung'udza ngati wolakwiridwa ndi iye. Kwa Abbas wometa tsitsi anapeza awiri. Abbas anawapereka akuseka, nafunsa ngati madalawa adzakhalemonso m'golosale mawa, chifukwa masiku ano mwayamba kukoma. Zelipa sanaseke. Atelala a pamsika anali ndi atatu pansi pa makina, ndipo asanawatulutse anayamba afotokoza mmene kale anthu ankakhulupirirana. Pofika masana m'kireti munali mabotolo asanu ndi anayi.

Otsalawo, khumi ndi limodzi, a Orton anati anatenga amisiri omanga nyumba kumtunda, cha kuphiri. Chitunda chake n'chachitali, ndipo Zelipa anachikwera akulankhula. Anatulutsa zonse zimene anazimeza zaka zitatu: za maketulo, za mpopi, za Luntha amene amawerengera mayeso pampando wa alendo, za iye mwini amene amagona ndi khutu limodzi kumvetsera ngati achimwene ake akupuma. Anawauza kuti watopa kuwaikira kumbuyo pamaso pa bambo a Luntha, watopa kuwapempherera, watopa ndi kukhala chete kwawo. A Orton anangopitiriza kukwera, manja kumbuyo, ndipo zimenezo zinamuwonjezera moto.

Mabotolo anawaona asanafike. Anali pamwamba pa mpanda watsopano wa njerwa, oswedwa, atazikidwa m'simenti, mano ali m'mwamba, akunyezimira padzuwa kuopseza akuba. Pa chidutswa china ankatha kuwerenga zilembo zitatu za dzina la Fanta. Kapitawo wa amisiriwo anabwera akupukuta manja pathalauza. Anafotokoza kuti mwini nyumba anawalamula kuti apeze magalasi a pampanda, ndipo popeza madala a m'golosale sanatchule zobweza, iwo anaona ngati Mulungu wawayankha. Anapepesa ndithu, koma maso ake anali kale pa anyamata ake amene ankaponda matope.

Zelipa anatula kireti pansi mwamphamvu mpaka mabotolo analira, n'kutembenukira achimwene ake.

"Simunawafunse n'komwe? Inu, achimwene? Inu amene munkandibweza ine ndikulira chifukwa cha kabotolo ka mankhwala a chifuwa?"

A Orton anayang'ana anyamata oponda matope aja.

"Analowa ali matope mpaka m'maondo, Zelipa. Amene ankakumba kwathu kuja ankaoneka chomwecho. Anakumba masiku anayi, ndipo ine ndinalibe ngakhale madzi owapatsa."

Pa zaka zitatu zonsezi anali asananenepo mawu ochuluka chotero za ku Chilobwe. Zelipa ukali sunamuthere, anangosowa pougwetsera. Sakanamenya kapitawo, sakanazula mpanda wa eni, ndipo tsopano sakanathanso kuwakalipira achimwene ake. Anasenzanso kireti n'kuyamba kutsetsereka. Panjira analowa m'magolosale awiri kupempha kuti amugulitse mabotolo opanda kanthu, ndipo konse anamuseka. Sabata ya Khirisimasi palibe amataya botolo, ndipo akanakhala iyeyo akanaseka chimodzimodzi.

Mabotolo asanu ndi anayi aja ankagundana pamutu pake pa sitepe iliyonse, ndipo phokoso lake linamukumbutsa chinthu chimene sankafuna kuchikumbukira tsiku limenelo.

Kwawo ku Ndirande chakumwa chenicheni chinkalowa m'nyumba kamodzi pachaka. Bambo awo ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu, ana anali anayi, ndipo mayi awo ankasunga mabotolo anayi opanda kanthu kunsi kwa bedi chaka chonse, atakulungidwa m'chitenje chakale, kudikira Khirisimasi. Chaka chimene Zelipa anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, anaganiza kuti akabweretsa botolo lenileni kugolosale ya masanje, Orton sangakanenso kumupatsa malo kuseri kwa kauntala. Kutatsala masiku awiri anakwawira kunsi kwa bedi, nalibisa botolo m'diresi, nathamanga. Pampopi panali poterera. Botolo linasweka pamwala, ndipo iye anakankhira magalasi m'ngalande ndi phazi n'kubwerera kunyumba ngati wochokera kotunga madzi.

Mayi awo atafunyulula chitenje anapeza atatu. Anawandandika ana onse pakhonde n'kufunsa kamodzi kokha. Zelipa anayang'ana zala za kumapazi. Ndi Orton amene ananena kuti ndi iye, analitengera kumasanje ndipo linamupulumuka. Analandira zikoti zake, ndipo mayi ananena kuti ndalama yogulira botolo pamwamba pa chakumwa palibe, wosweyo aone anzake akumwa. Tsiku la Khirisimasi kunabwera Fanta atatu. Ana a nthawi imeneyo sankatsegula botolo ayi, ankabowola chitsekerero ndi msomali n'kumayamwa pang'onopang'ono kuti chakumwa chifike madzulo. Zelipa anayamwa wake kuyambira pochokera kutchalitchi mpaka dzuwa kupendeka, lilime lili psuu, Orton atakhala pambali pake ndi kapu ya madzi a shuga. Sanamupatseko ngakhale dontho. Ankaopa kuti akamugawira mayi adziwa. Komanso, kunena zoona, Fantayo ankakoma.

Pambuyo pake palibe anaitchulanso nkhaniyi. Golosale ya masanje inatsegulidwanso Khirisimasi itapita, ndipo Orton anapitiriza kumufunsa za botolo ngati palibe chachitika. Zelipa anakula, anakwatiwa, anatsegula golosale yeniyeni, ndipo botolo lake silinatulukepo pakhomo popanda linzake kulowa. Ankati ndi luso la bizinesi.

A Hawkins anafika dzuwa likulowa, fumbi la pamsewu lili m'tsitsi. Atamwa madzi anapita kugolosale kukatulutsa makireti monga mwa masiku onse. Zelipa anali kuseri kwa kauntala akupukuta pamene panali popukutidwa kale, a Orton atakhala pa thumba la ufa pafupi ndi khomo. A Hawkins ananyamula kireti yoyamba, yachiwiri. Yachitatu anangoitukula pang'ono n'kuibwezera pansi. Anayang'ana mabowo aja, kenako anayang'ana alamu awo, ndipo pankhope pawo panalibe mkwiyo. Panali kutopa kwa munthu amene zimene ananena zachitika.

"Ndine," anatero Zelipa. "Ndinawapatsa amisiri a kumtunda dzulo m'mawa ndisanapite kumaliro. Ndimati abweza, koma awaswera pampanda."

"Inu, mayi a Luntha? Inu amene munawamwetsa abusa ataimirira?"

"Ine ndemwe."

A Orton anadzuka pathumba paja. "Alamu," anayamba, koma Zelipa sanawalole kufika pa mawu achiwiri.

"Achimwene, khalani pansi. Malamulo a bizinesi simuwadziwa."

A Orton anamuyang'ana, pakamwa pali potsegula pang'ono, kenako anakhala.

A Hawkins sanali mwana. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za banja mkazi wawo anali asanawanamizepo, ndipo bodza loyambali linali losasokedwa bwino, ulusi uli poonekera. Anaima atagwira m'chiuno. Pomaliza ananena kuti chabwino, popeza wolakwa ndi mwini golosale, nkhani yatha, alamu akhale. Koma anawonjezera, ndi mawu omwe aja osakwera, kuti Zelipa akamuuze yekha Luntha kuti mayeso ake adzawerengera pabalaza pomwepo, chifukwa iwo manyazi owuza mwana zimenezo alibenso powatenga. Anatulutsa makireti awiri odzaza aja n'kulowa m'nyumba. Atadya chakudya cha madzulo, anathokoza ngati mlendo.

Zelipa anakwiyira aliyense. Anakwiyira amisiri, mwini mpanda, mayi wa geti la buluu, Abbas ndi kuseka kwake. Anakwiyira a Hawkins chifukwa chokhala olondola. Atamuuza Luntha, mwanayo anangoti chabwino amayi n'kupitiriza kuwerenga, ndipo Zelipa anakwiya chifukwa sanalire n'komwe kuti apeze pomutonthozera. Palibe chinali chitakonzeka. Achimwene ake anali omwe aja, nyumba inali yaing'ono chimodzimodzi, ndipo tsopano pakati pa iye ndi amuna ake panali bodza limene onse awiri ankalidziwa.

Lachitatu lole inabwera, inatenga makireti awiri, inasiya awiri. Anyamata a pa lole anayang'ana kireti yoperewera ija n'kupukusa mitu, ndipo mmodzi anati amayi chaka chino mwagona. Lole itapita anaika zakumwa m'firiji, ndipo magetsi, mwa chisomo, analipo.

Masana kunalibe ogula. A Orton anali pathumba la ufa paja, osaitanidwa, osathamangitsidwa. Zelipa anatsegula firiji n'kutulutsa Fanta mmodzi wozizira. Anatenga chotsegulira, kenako anachibwezera. Anafufuza m'kabati ya pansi pa kauntala mpaka anapeza msomali, nauika pakati pa chitsekerero, naumenya ndi mwala wa sikelo. Thovu linatuluka pa kabowoko likulira. Anaika botolo pakauntala n'kulikankhira kwa achimwene ake, osawayang'ana.

"Uyu ndi wa Khirisimasi ija."

A Orton sanafunse kuti Khirisimasi iti. Anadzuka, analitenga botolo, analizunguza m'manja kuyang'ana kabowo kaja. Kenako bambo wa imvi, wa zaka pafupifupi makumi asanu, anaimirira pakauntala n'kuyamba kuyamwa chitsekerero, masaya akulowa m'kati. Anamwa mosafulumira. Nthawi ndi nthawi ankalikweza botolo kuliyang'anira kuwala kwa pazenera, ndipo Zelipa ankaganiza kuti akuona ngati latsala lochuluka. Litafika pakati penipeni anasiya, anapukuta chitsekerero ndi m'mphepete mwa malaya, nalikankhira kwa mlongo wawo.

"Maliza," anatero. "Koma umwere pompano."

Zelipa anafuna kuwakalipira kuti Fantayo ndi wawo yense, kuti sanawapatse kuti agawane, kuti ngakhale kubweza chinthu munthu sakukulola kubweza bwinobwino. M'malo mwake anatenga botolo lija n'kumwa ataimirira pakauntala yake yomwe.